MACILA A MDZUKULU

Pa mudzi wina wa kufupi ndi Nyimba, m'cigawo ca Kum'mawa, pali mai wina wacikulire amene wakhala akusoka zobvala kwa zaka zoposa 40. Makina ace ndi a Singer, opukusa ndi dzanja, ndipo anthu a m'deralo amanena kuti palibe mwana wa sukulu amene sanabvalepo yunifomu yoturuka pa khonde la maiyo. Anasokapo madiresi a ukwati, anagambapo matumba a cimanga, ndipo nchito sanali kuikana. Anaikana tsiku limodzi lokha, pamene mdzukulu wace anadza kudzapempha kuti amsokere macila.

Mnyamatayu amagwira nchito ya zankhalango. Iye ndi anzace amayenda pansi m'mapiri, kuwerenga ndi kupima mitengo, ndipo nthawi zina amagona m'thengo sabata yathunthu. Ufa, mphika, madzi ndi zofunda, zonse zimakhala pamsana. Mphasa ndi yobvuta kunyamula m'zitsamba. Kugona pa nthaka nako kuli ndi eni ace, ndiwo zinkhanira, njoka ndi linthumbu, ndipo m'nyengo ya dzinja madzi amadzera pansi ngakhale munthu atafunda bwino pamwamba. Pa ulendo wina anatsagana ndi mlendo wocokera kunja, amene madzulo anaturutsa m'cikwama kanthu konga papaya kukula kwace, nakafunyulula, nakamanga pakati pa mitengo iwiri, nagona m'mwamba osakhudza dothi. Mlendoyo anati anasoka yekha kwao. Mnyamata anaganiza za makina a pa khonde paja.

"Ambuya, ndifuna mundisokere macila ogonamo kuthengo," anatero atafika.

Nkhalamba inaleka kupukusa makina. "Iwe mwamuna wanga, wadwala kodi?" Anamuitana motero monga umo ambuya amacitira nthabwala ndi adzukulu ao, koma pankhope panalibe kuseka. "Macila ndi a munthu amene miyendo yamkana. Ine ndisoke macila a mwana wamoyo, woyenda yekha? Amenewo ndi malodza. Pita kwa atelala a ku boma."

Mau a maiyu sanali a umbuli. Pa mudzi macila amaturuka pamene wodwala ali kayakaya ndipo cipatala ciri kutali, kapena pamene anthu akubwera ndi mtembo. Ndiponso anali ndi cifukwa cina ca m'banja. Ali mtsikana anali kumva agogo ace amuna akusimba za masiku a mtengatenga, pamene msonkho wa nyumba, umene unayamba kukhomedwa m'dziko lino la kum'mawa m'caka ca 1901, unali kutolera amuna ku nchito ya kunyamula. Bwana wa boma poyenda ulendo wace anali kugona m'nsaru yolenjekeka ku mtengo wautali, amuna awiri kapena anai atausenza pa mapewa, ena akuthamanga pambuyo kudikira kulandira. Agogowo anafa ali ndi zipsera pa mapewa onse awiri. Kwa mdzukulu wao, macila anali cinthu cimene wina amagonamo pamene wina akubuula.

Mnyamata sanatsutse. Anakhala pansi nayamba kufotokoza zimene anamva kwa mlendo uja, kuti cogonera cotere sicinayambe ndi mabwana. Eni ace ndi anthu a ku zisumbu za Caribbean ndi maiko a ku America, amene anali kuluka ukonde wa thonje kapena wa luzi nagonamo pothawa cinyezi ndi tizirombo ta pansi. Christopher Columbus anawapeza akugona motero m'caka ca 1492, ndipo dzina limene Azungu amachula cinthuci linacokera ku cinenero ca anthu a mtundu wa Taino. Pambuyo pace amalinyero anacitengera m'zombo zao, popeza cimalowa pa malo ocepa ndipo munthu sagubuduka combo cikamapendama. 

"Anga sadzasenza munthu, ambuya. Idzasenza ndi mitengo."

Maiyo sanayankhe. Koma m'mawa mwace anapezeka akupima zitenje ziwiri ndi mkono.

Macila oyambawo anasokedwa mwa luso la yunifomu. Popeza citenje cimodzi ndi mamita 2 cabe, analumikiza ziwiri ndi msoko pakati, ulusi wace wa thonje, misoko yothithikana bwino monga amasokera kolala. Anawamanga pa mitengo iwiri ya mango, cingwe ciri nga! ngati ca gitala, ana a m'mudzi ataunjikana. Mnyamata anakhalamo, naturutsa mpweya, nakweza miyendo. Panamveka kuti kwee! ndipo anapezeka ali pansi, citenje cina ciri ku mtengo uwu, cina ku mtengo uwo. Ana anaseka mpaka kugubuduka. Nkhalamba sinaseke. Inatola nsaruzo, niyang'anitsitsa pong'ambika, niona kuti ulusi unaduka malo ena, koma malo ambiri nsaru ndiyo inang'ambika motsata mabowo a singano. Pa zaka zonse zija msoko wace unali usanamasukepo pamaso pa anthu, ndipo kuyambira ora limenelo nkhani ya malodza inatha. Inatsala ndi ya mbiri ya makina.

Zimene anaphunzira m'masabata otsatira ndi zoyenera kuzisunga aliyense wofuna kuyesa. Coyamba, macila safuna msoko pakati, pakuti pamenepo ndi pamene pamagwera kulemera konse kwa munthu. Nsaru ikhale imodzi, yotalika mamita 3 kapena kupitirira pang'ono, m'lifupi mita imodzi ndi theka. Mnyamata anaitanitsa ya nailoni ku masitolo a nsaru a ku Kamwala mu Lusaka, ya mtundu uja wokhala ndi timizere ta ulusi wokhuthala topingasana ngati sefa, timene timaletsa kabowo kukula. Nsaru yotere inafala cifukwa ca maparacuti a pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Ndi yopepuka, simwa madzi ambiri ngati thonje, ndipo imauma msanga.

Koma nailoni ndi yamwano pa makina. Imaterera, imakwinyika, ndipo podula imayamba kusosoka nthawi yomweyo. Maiyo anapeza kuti kupititsa m'mphepete mwace pafupi ndi lawi la kandulo, mofulumira, kumamata ulusi wosokonekerawo. Anaika singano yaing'ono, nagula ulusi wa poliyesitala umene suola ndi cinyezi, natalikitsa misoko kufika ngati mamilimita 3, kuti mabowo asayandikane ndi kusandutsa nsaru pepala la masitampa. M'mbali ziwiri zazitali anapinda kawiri kampendero kakang'ono. Ku mitu iwiri anapinda mpendero waukuru wosiya njira ya cingwe, monga m'ciuno mwa kabudula wa lamba, nasoka mizere itatu yotsatana. Apa ndi pamene anataya nthawi yambiri, akumasula ndi kubwerezanso, cifukwa anati moyo wa mdzukulu wace uli pa mizere itatu imeneyo. Cingwe cikalowa m'njiramo ndi kukokedwa, mutu wa nsaru umasonkhana ngati kukamwa kwa thumba.

Kulakwa kwina kunali kwa mnyamata mwini, ndiko kukunga cingwe. Anthu ambiri amayesa kuti macila okungika ndiwo olimba, koma zoona zace ndi zosiyana. Cingwe cikatsika kucoka ku mtengo mopendekera ngati madigiri 30, munthu wa makilogramu 70 amakoka cingwe ciriconse ndi mphamvu ya makilogramu 70. Cikakungika kufika madigiri 10, mphamvuyo imakwera kufika pafupi makilogramu 200 mbali iriyonse, munthu ali yemweyo. Nsaru ilekedwe igwe ngati uta, pakati pace patalike ngati mpando kucoka pansi, kuti ngakhale zitabvuta munthu agwe pafupi. Pogona asatsate mzere wa cingwe, koma apingase pang'ono, mutu mbali ina miyendo mbali ina, ndipo msana umaongoka. Pa mtengo pazikulungidwa lamba wotambalala, osati cingwe copyapyala cimene cimaceka khungwa. Wa zankhalango akadacita manyazi kupha mtengo umene wagonapo. Za kuyang'ana kumwamba asanamange, kuopa nthambi youma kapena zipatso zolemera za mvunguti, anamuuza ndi ambuya ace, amene sanagonepo m'thengo koma amadziwa mitengo.

Macila atatha analowa m'kathumba kamene maiyo anasokerera m'mbali mwace, ndipo pa sikelo ya wogula thonje sanafike theka la kilogramu.

Ulendo woyamba unali wa mu June. Mnyamata anabwerako ndi madandaulo awiri: mphepo ya usiku inali kumzizira kumsana, popeza pansi pa nsaru palibe cocinga, ndipo ku madambo udzudzu unali kuluma kupyola nsaruyo. Bulangete liyenera kuyalidwa pansi pa thupi, osati pamwamba pokha. Za udzudzu nkhalamba inati imeneyo ndi nchito ya tsiku limodzi, nitenga neti yakale, nimanga kacingwe kucoka mutu wina wa macila kufika mutu wina kuti netiyo ilenjekekepo.

Koma izi zinakambidwa pambuyo. Pamene mnyamata analowa pabwalo tsiku lija, fumbi liri mbuu ku miyendo, nagwada kuti apereke moni, ambuya ace sanamfunse za ulendo. Anatambasula dzanja nati, "Bweretsa kuno." Anafunyulula nsaru pa miyendo pao, nabvala magalasi, nayamba kutsata mizere itatu ija ndi cikhadabo, mutu wina kenaka mutu wina. Atatha anaipinda bwino.

"Tsopano ndiuze, mwamuna wanga. Wayenda bwanji?"