Tsiku limodzi wapansi ku Thambani

Anthu ambiri amaidziwa Mwanza ali pawindo la basi. Amaona madengu a manachesi m'mbali mwa msewu wa M6 ndi magalimoto akuluakulu atandanda kudikira kuolokera ku Zobue, basi n'kumati aiona Mwanza. Ngakhale ife ogwira ntchito kuno timadziwa njira zitatu zokha: ya kuntchito, ya kutchalitchi ndi ya kuboma kokatapa malipiro. Koma ilipo Mwanza ina imene munthu amaiona pokhapokha atayenda wapansi.

Loweruka lina m'mwezi wa June tidapangana anthu anayi: ine, mnzanga wophunzitsa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu ndi mayi wina wophunzitsa kupulayimale. Tidagwirizana kuti tisabwerere njira yomwe tapitira. Tikwere phiri, titsikire m'nkhalango, kenako tidzere m'minda mpaka kukatulukira pomwe tidayambira.

Akabaza a njinga zamoto adatitenga 6 koloko m'mawa kulowera msewu wa ku Thambani. Msewu umenewu uli ndi mbiri yolemera. M'mwezi wa May 1983 ndi mmene mudapezeka mitembo ya nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga. Ana athu amawerenga za nkhaniyi m'kalasi, koma ambiri sadziwa kuti malowo ali m'boma lawo lomwe lino.

Titatsika, tidayamba takaonekera kwa anyakwawa. "Kodi aphunzitsi, mwataya chiyani kuphiriko?" adatifunsa. Titayankha kuti tikungofuna kukaona, adaseka mpaka kutsokomola, komabe adatipatsa mkulu wina wodziwa njira kuti atitsogolere.

Kukwera kudatitengera maola awiri. Tsekera adali wamtali kutiposa, ndipo mame adatinyowetsa mpaka m'chiuno. Cha kumwamba mitengo idayamba kuchepa, kudangotsala udzu, miyala ndi mphepo yozizira yolowa m'mafupa. Poyang'ana kumadzulo tidaona mapiri a ku Mozambique atalumikizana ndi athu, osadziwika pothera dziko lino. Pansi pa thanthwe lina mkuluyo adakankha udzu ndi ndodo yake n'kutionetsa kasupe wosaposa mbale yodyera nsima. "Mtsinje womwe mukaoloke madzulo uja ukuyambira apa," adatero. Tidamwa ndi manja, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Kuchokera pamenepo tidaganiza zongotsatira madziwo.

Adatitsitsira m'nkhalango, m'kanjira kodzera m'malire a nkhalango yotetezedwa ya Thambani. Mudali mombo, muwanga, mlombwa ndi misuku yodikira nyengo yake ya kumapeto kwa chaka. Pansi padali pofewa ndi masamba owolerana, ndipo kamtsinje kaja kadali katakula, kakumveka phokoso. Tidakhala pamwala n'kudya mbatata yophika ndi zitumbuwa, kutsitsira thobwa.

Titangoyenda pang'ono, mthunzi udatha mwadzidzidzi. Tidalowa m'malo a zitsa zokhazokha, ndipo chapakati padali uvuni wa makala ukufuka utsi. Mnyamata wina amalongedza thumba. Atationa adafuna kuthawa, koma mkulu uja adamuuza kuti ndife aphunzitsi chabe.

"Achimwene, mitengo ikatha apa mudzapita kuti?" adafunsa mnzanga wa zaulimi.

"Ndidzakwera kumtundako," adayankha. "Nanga fizi ya mlongo wanga ndiitenga kuti, aphunzitsi?"

Palibe adayankha. Ine ndimadziwa kuti ena mwa ana amene ndimaphunzitsa amakhala m'kalasi chifukwa cha matumba ngati limenelo. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe adalikhwimitsa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Koma matumbawo sathera ku Thambani. Amakaphika nsima paboma ndi ku Blantyre, m'nyumba za anthu olandira malipiro pamwezi. Wodula mtengo ndi mmodzi, odyerapo ndife ambiri.

Kumunsi kwa zitsazo kamtsinje kadasintha nkhope. Magombe adali ogumuka, ndipo madzi amayenda pang'ono pakati pa mchenga wambiri. Mnzanga adatifotokozera monga amachitira m'kalasi, koma ulendo uno ali ndi choloza. Udzu wa pamwamba ndi masamba a m'nkhalango zimagwira mvula kuti ilowe pansi, ndipo nthaka imatulutsa madziwo pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Udzu ukapsa ndi moto wa osaka mbewa, mitengo n'kudulidwa, mvula ya tsiku limodzi imatsika tsiku lomwelo itanyamula dothi.

Cha m'ma 2 koloko tidatulukira m'minda. Chimanga chidali chitakololedwa kale, nandolo ali chiimire, mitengo ya manachesi itawerama ndi zipatso. Apa ndi pomwe pali chuma cha Mwanza. Koma pakati pa munda wina padadutsa chigwembe chakuya kuposa msinkhu wanga, ndipo mwini wake adati chidakumbika ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Adatilozera pomwe padali mitengo yake ya manachesi yomwe idapita ndi madzi. Kudimba tidapeza mayi akuthirira tomato ndi mpiru. Iwo adati ali mtsikana ankachapa mumtsinjewo mpaka mvula yoyamba, koma masiku ano ikafika September amafukula mchenga kuti apeze madzi odzaza ndowa. Paja akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Zonse zimene tidaona kumtunda tidazipezanso kumunsi, m'munda mwa munthu amene sadadulepo mtengo kuphiri.

Tisanafike pomwe tidayambira, mkulu uja adatipatutsira kukaphiri kena kamene mudzi wawo udaleka kudulamo. Sadadzale mtengo ndi umodzi womwe. Adangoteteza ziphukira za pazitsa, kuzipatulira, ndi kulambula njira yotchinga moto chaka ndi chaka. Mitengo yafika kale poti munthu n'kubisalamo, ndipo apachikamo ming'oma ya njuchi. Sikuti kaphiri kamodzi kangabweze mtsinje wonse, komabe kakusonyeza kuti chitsa cha mombo sichifa msanga ngati chapatsidwa mpata.

Tidafika dzuwa litapendeka, titayenda maola 9, miyendo ili nyonyomalo koma mitima ili mbee. Tikadapita ndi kubwerera njira imodzi, tikadaona phiri lokongola kapena minda yokongola, osaona chimene chimazimangirira pamodzi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga. Phunziro la kukokoloka kwa nthaka timalilemba pabolodi chaka chilichonse, ana n'kuloweza, n'kuiwala akangolemba mayeso. Atengeni tsiku limodzi, m'miyezi yozizira ya June kapena July. Muyambe mwaonekera kwa amfumu, mupeze wodziwa njira, munyamule madzi ndi kamba, machesi muwasiye kunyumba. Mukatsatire mtsinje wa kwanu kuchokera pakasupe mpaka padimba. Mwa ana amenewo muli mlongo wa wootcha makala, mulinso mwana wa mayi wofukula mchenga, ndipo ndi bwino akaone limodzi.