Ku Korakuen Hall, komwe makatoni amasanduka nyanja

Ndinatsika sitima pa Suidobashi mumzinda wa Tokyo, n'kuwoloka mtsinje wa Kanda kulunjika ku Tokyo Dome. Pafupi ndi bwalo lalikululi pali nyumba yosanja, ndipo m'mwamba mwake ndi momwe muli Korakuen Hall. Malowa ndi otchuka ndi nkhonya, moti makoma a masitepe ake anadzaza ndi zolembalemba za ochemerera. Tsikulo munalibe ankhonya. Ankajambulamo Kasou Taishou, mpikisano wa pa kanema wa Nippon TV womwe unayamba mu 1979, wotsogoleredwa ndi katswiri wanthabwala Kinichi Hagimoto, yemwe aliyense amangomuti Kin-chan. Shingo Katori, yemwe panthawiyo anali wa gulu loimba la SMAP, anadzayamba kuthandizana naye mu 2002.

Opikisanawo ndi anthu wamba: ana asukulu, amayi apanyumba, mabanja athunthu. Zida zawo ndi makatoni, nsalu, penti ndi matupi awo basi.

Ine maso anga anakakamira pa anthu ovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Amenewa amatchedwa kuroko, mwambo wochokera ku zisudzo zakale za kabuki, pomwe wovala zakuda amatengedwa ngati kulibe. Banja lina linapanga nyanja. Bambo anagwada kuseri kwa nsalu yabuluu akuikupiza, mayi wovala zakuda atanyamula kamwana kovala ngati nsomba, n'kumakadumphitsa pamwamba pa mafunde. Pa kanema mumangoona nsomba ikuuluka. Pomwe ndinakhala, ndinkaona mikono ya mayiyo ikunjenjemera ndi kulemera kwa mwana, koma sanamutsitse mpaka nyimbo itatha. Luso lomweli ndi limene linatchukitsa sewero la 2003 lotchedwa Matrix Ping Pong, momwe ovala zakuda ankanyamula osewera, tebulo ndi kampira komwe, n'kumazitembenuza m'malere pang'onopang'ono.

Sewero likatha, maso onse amapita pa chikwangwani chachitali cha magetsi 20. Oweruza akamadina mabatani, magetsi amayaka kukwera m'mwamba, ndipo kuti upambane ayenera kufika 15. A banja lija anaima pa 14. Kamwana kaja kanayamba kulira, penti ikuyenderera m'masaya. Kin-chan anagwada n'kukafunsa kuti anakonzekera masiku angati, kenako anatembenukira kwa oweruza ndi nkhope yopempha. Getsi lachi 15 linayaka, nyimbo inalira, holo yonse inawomba m'manja, ndipo anawaveka mendulo m'khosi.

Ena amati kupempherera koteroko n'kukondera. Ine sindikuona choncho, chifukwa muno sabisa chinyengo ngati amatsenga. Chingwe chilichonse chili poyera, ndipo chomwe anthu amawombera m'manja ndi nzeru ndi thukuta. Mukadzaonera masewerowa pa YouTube, musamangoyang'ana nsomba ikuuluka. Muziyang'ananso wovala zakuda amene waisenza.