Malo Akasowa pa Thandala

M'masamba ano ambiri alembamo za mpira, za mayeso ndi za maulendo. Ine ndapempha akonzi kuti ndinenepo za chinthu chimene chandigwira mtima chaka chino m'kalabu yathu ya makompyuta, ndicho mau amene mmisiri wa mapulogalamu amalemba pofuna kutiuza chochita ngati kompyuta yasowa malo.

Ife a kuno ku Nkhotakota nkhani ya malo sitivutika kuimva. Asodzi akafika m'mamawa ndi usipa wa chilimira, wogula wanzeru amayamba waona ngati pa thandala pali danga, pakuti usipa wosowa poyanika suchedwa kuola. Kompyuta nayonso ili ndi thandala lake lotchedwa memori. Pulogalamu isanagwire ntchito imapempha malo pamenepo, ndipo nthawi zina imamanidwa. M'chiyankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie anachikonza ku Bell Labs cha m'ma 1972, mau opemphera malo ndi malloc, ndipo malo akasowa yankho lake ndi NULL, ndiko kunena kuti palibe. Pulogalamu imene ingopitirira osayang'ana yankholo imagwa.

Tsono zithunzi ndizo zimadya malo koposa. Teremu ino tinapatsidwa ntchito yojambula mapu a boma lathu opachika pakhoma, oonetsa Dwangwa, mtsinje wa Bua ndi nyanja ya Chia. Tinagwiritsa ntchito Cairo, laibulale yojambulira imene anaiyamba Keith Packard ndi Carl Worth. Laibulale yotere si nyumba ya mabuku ai, koma mtolo wa zida zokonzeratu zimene olemba mapulogalamu amabwereka. Chithunzi cha pa kompyuta ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse ka mitundu yonse kamafuna mabaiti 4. Ife tinafuna timadontho 20,000 m'litali ndi 15,000 m'lifupi. Inu odziwa masamu chulukitsani muone: mabaiti 1,200,000,000, kupambana memori yonse ya kompyuta yathu yakale ija.

Cairo ili ndi mkhalidwe wake wodabwitsa. Ikamanidwa malo siyankha NULL, koma imakupatsa chinthu chooneka ngati pepala lojambulapo chimene chili chabe. Ukalembapo mzere pulogalamu sikugwa, komanso mzerewo suoneka. Amisiri ake anachita dala zimenezi kuti munthu asamafunse pa mzere uliwonse, koma afunse pamalo ochepa oyenera. Nanga mlendo angadziwe bwanji? Akhoza kujambula nyanja yonse ndi magombe ake, nadzapeza kuti palibe chimene chasungidwa.

Chimene chinatithandiza ndi mau owerengeka amene analembedwa m'malangizo a Cairo. Amachenjeza kuti pepala lopanda kanthu lija limabwera memori ikatha, natchula mau ofunsira, cairo_surface_status. Tinafunsa, ndipo yankho linali CAIRO_STATUS_NO_MEMORY. Pamenepo tinagawa mapu athu m'zigawo 12, chilichonse timadontho 5,000 mbali zonse. Tikatha chigawo chimodzi tinkachisunga ndi kubweza malo ake tisanayambe china, monga momwe amayi amaanulira usipa wouma kuti auwisi upeze danga. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma ine ndionjezapo kuti wofunsa amafunikanso wina womuuza pofunsira.

Wina anganene kuti izi n'zazing'ono, za ana asukulu ndi mapu awo. Imvani tsono zimene zinachitika pa 20 July 1969, pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anali kutsikira pa mwezi m'ulendo wa Apollo 11. Kompyuta yawo inali ndi malo olembamo mau 2,048 okha. Ntchito zinaichulukira chifukwa cha chida china chimene chinali kuitangwanitsa, mpaka inasowa malo oikamo ntchito zatsopano, ndipo inaonetsa nambala ya chenjezo, 1202. Gulu la amisiri, m'mene munali Margaret Hamilton, linali litaikonza kotero kuti zikatero isiye ntchito zazing'ono ndi kugwira zofunika zokha. Komabe anthu a ku Houston anayenera kugamula msangamsanga ngati chombo chitsike kapena chibwerere.

Kumeneko kunali mnyamata wa zaka 24 dzina lake Jack Garman. Ulendo usanayambe, mkulu wawo Gene Kranz analamula kuti nambala zonse za chenjezo zilembedwe pamodzi ndi chochita pa iliyonse, ndipo Garman anazilemba ndi dzanja papepala naliika patebulo pake. Chenjezo litalira anauza Steve Bales kuti ulendo upitirire. Linalira kasanu, koma chombo chinatera bwino. Ine ndikaganizira nkhaniyi ndimaona kuti nzeru za amisiri zikanapita pachabe pakanapanda pepala lija, pakuti munthu wosadziwa tanthauzo la 1202 akanabweza chombo chifukwa cha mantha.

Kulemba za kulephera sikukoma. Munthu akapanga chinthu amafuna kusimba zabwino zake zokha, monga wosema bwato amene amatama liwiro lake koma osanena katundu amene lingamire naye mwera ukauka. Chikhalirecho wokwera amafuna kumva chachiwiricho.

Kotero m'kalabu yathu tapangana kuti aliyense wolemba pulogalamu ayankhe mafunso atatu pamwamba pa ntchito yake: imapempha malo ochuluka bwanji, imatani ikamanidwa, ndipo ndani abweze malowo ntchito ikatha. Ndikupempha inu a Folomu 1 ndi 2, amene mudzatsala ndi makompyuta amenewa ife titachoka, kuti muwerenge zimene talembazo, ndipo pamene tasiya mpata mudzazepo. Mapu aja tawapachika m'chipinda chowerengera. Mukapita kukawaona, yesani kupeza pamene zigawo 12 zija zinalumikizana.

Wophunzira wa Folomu 4