Masiku a ulusi wakuda pa Mpingu

Mwezi wathawu ndinazungulira magolosale a pa Mpingu kufuna ulusi wakuda womangira tsitsi, kuti ndimange mdzukulu wanga yemwe anabwera kutchuthi. Mnyamata wina wogulitsa anandifunsa kuti, "Mayi, mukunena ulusi wosokera zovala?" Nditamufotokozera, anandilozera kusaluni, kumene meshi walendewera pakhoma kuyambira kudenga mpaka pansi, wakuda, wofiirira, wina wofiira psuu. Ulusi uja kunalibe. Mdzukulu wanga atamva, anavina.

Ife tinakulira chakufupi ndi Chitedze, pang'ono kupatuka pamsewu wa ku Mchinji. Kwathu kuno mwamuna ndiye ankabwera chikamwini, choncho agogo, amayi, amayi aang'ono ndi ana awo tonse tinkakhala bwalo limodzi. Manja oluka sankasowa. Loweruka masana mbale zikatsukidwa, mphasa inkayalidwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo aliyense ankadziwa mutu umene ukuyamba. Ndalama panalibe. Lamulo linali lakuti undiluke lero, ine ndikuluka mawa, ndipo amene sankadziwa kuluka ankalipira posinja mphale kapena kukatunga madzi kudambo.

Katswiri wathu anali amayi aang'ono. Ankayamba ndi kukutsuka mutu ndi sopo wa Sunlight, n'kukukhazika padzuwa kanthawi kochepa chabe. Sankalola kuti tsitsi liume gwa, chifukwa tsitsi lathu lamzindoli ukalipesa louma limangoduka. Likadali lachinyezi ankaligawa timagawo ndi chipeso chamtengo, kupaka mafuta m'mizere yonse ndi chala, kenako kuzunguliza ulusi kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Akamaliza, timitu tija tinkaima njoo, ndipo ankatipinda n'kutilumikiza kuti ugone bwino usiku. Ukayamba kugwedera, bondo lawo linkakupana khutu. "Tadekha mwanawe, ukufuna upite kutchalitchi mutu uli nyankhalala?" Koma sankakoka mpaka kulira. Ankati mutu wa mwana sathyolerapo mphamvu. Pakatha masabata awiri kapena atatu ukamasula, tsitsi linkatuluka lofewa, lowongoka, losapotana, ndipo chipeso chinkadutsa osakodwa.

Mafuta aja ankayenga ndi agogo. Nsatsi zinkamera zokha kudzala ndi kuseri kwa khola. Ankazikazinga paphale, kuzisinja mu mtondo, kuziwiritsa mumphika wakewake, n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba kuthira m'nsupa. Fungo lake silinali la mtauni, ndikuvomera, koma linkakhala pamutu sabata yathunthu. Agogowo analinso ndi ntchito ina: kutola tsitsi lonse lothothoka pamphasa. Silinkatayidwa wamba. Ankalikwirira kapena kuliponya m'chimbudzi, poopa kuti munthu wa mtima woipa angalitole. Ine lero ndine wa Mvano, koma tsitsi langa sindilisiya pabwalo.

Panthawiyo palibe ankanena kuti tikuteteza tsitsi. Tinkangodziwa kuti dzinja likafika nthawi yopesa palibe. Mayi ankadzuka kusanache kupita kukapalira, kubwera n'kupita kukathyola ndi kusoka fodya wa chikopa, yemwe ankagulitsidwa ku ADMARC. Phula la fodya, utsi wa m'chigafa, fumbi la pokumba mtedza wa chalimbana, zonsezo zinkathera paduku, pamene tsitsi lili phee m'kati, lomangidwa, nsonga zake zobisika. N'chifukwa chake amayi ambiri akavula duku paukwati tinkadabwa kutalika kwa tsitsi lawo.

Ana asukulu zathu zinali zina. Kupulayimale kunkafunika tsitsi lalifupi, ndipo sukulu ikayandikira kutsegulira, lumo linkayenda pamutu uliwonse, kaya walira kaya sunalire. Inali nthawi ya Kamuzu, ya lamulo lija la kavalidwe la mu 1973, pamene mayi sankavala buluku ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Tinkangoti ndi mmene dziko lilili. Tsitsi linkametedwanso pamaliro, ndiponso namwali akamatuluka ku chinamwali, kotero mtsikana wosunga tsitsi ankaoneka kuti wadutsa zonsezo, wakula.

Kwa ine zaka zokoma zinali zija za kumapeto kwa ma 1980, nditasiya yunifolomu koma ndisanapite kubanja. Ndipo pamenepo ndi pomwe ndinaphunzira kuluka mizere: yolunjika kumbuyo, yokhotakhota, yokumana pakati pamutu. Khirisimasi ikayandikira tinkaluka mpaka dzuwa kulowa, wailesi ya MBC ikulira pakhonde, chimanga chokazinga chikuyenda m'manja. Nkhani zonse za m'mudzi zinkamveka pamenepo: amene wafunsiridwa, amene wabwera kuchokera ku Joni ndi njinga, amene mwamuna wake wathamangitsidwa pachikamwini chifukwa cha ulesi. Malangizo amene mayi wako sakanatha kukuuza maso ndi maso, amayi aang'ono ankakuuza uli chozolika, iwo ali kumbuyo kwako. Manyazi sankakugwira chifukwa simunkayang'anana. Ndikuganiza kuti ambirife tinalangizidwa kwambiri pamphasa paja kuposa kutsimba.

Zinthu zinayamba kutembenuka cha m'ma 1993 ndi 1994, nthawi ya riferendamu ndi matipate. Kuwotcha tsitsi ndi chipeso chachitsulo choika pambaula kunalipo kale, koma kunali kwa aphunzitsi ndi anamwino. Tsopano mankhwala owongola tsitsi, a Dark and Lovely ndi anzake, anadzaza m'misika ya ku Lilongwe, ndipo aliyense wopita mtauni ankabwera ndi kabokosi. Tinapsa m'mitu, tinatuluka nkhanambo, koma tinkati ndi chitukuko. Kenako kunabwera meshi ndi wivi, amalonda akukatenga ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Masaluni anamera pa Mpingu, pa Msundwe, pa Namitete, ndipo kuluka kunasanduka ntchito yolipidwa.

Apa ndiye pamene ndimadandaula. Woluka wa masiku ano amakoka kuti ntchito yake ioneke yaudongo ndiponso ikhalitse, poti kasitomala walipira zambiri, makamaka chigwereni kwacha mu November 2023. Mtsikana amatuluka m'saluni nkhope itakokeka ngati chikopa cha ng'oma, n'kukamwa Panado kuti agone. Meshi wolemerayo amakhala naye miyezi iwiri, nthawi zina kupitirira. Tayang'anani pachipumi pa amayi ambiri m'minibasi ya ku Mchinji: tsitsi lakutsogolo linatha, ndipo likathothoka motero kwa zaka zambiri silimeranso.

Sindikuti zonse zaipa. Atsikana ambiri akulipirira ana fizi ndi luso la zala zawo, zomwe amayi aang'ono aja sanazilote n'komwe. Mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti ana achirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, ndipo ine amene ndinalirira lumo ndinasekerera. Ndamvanso kuti atsikana a mtauni ayamba kusiya mankhwala, akuphunzira pa YouTube kumanga tsitsi ndi ulusi, n'kumagula mafuta a nsatsi a m'botolo pamtengo wokwera. Nsatsi zomwezo zikadameranso kudzala kwathu, mbuzi n'kumazilambalala.

Komabe foni singakupane ndi bondo, singakuuzenso za banja. Inu amayi anzanga a ku Mpingu, Nsaru ndi Kabudula amene zala zanu zikukumbukirabe, musadikire kuti adzukulu akaphunzire kwa alendo zimene munkachita muli ndi zaka 12. Akhazikeni pansi muwaphunzitse. Ndipo mwana akanena kuti mutu ukuwawa, masulani, ngakhale mutalipira kale.