Kumene Dzuwa Silidzutsa Munthu

Anthu ambiri akamva kuti uje wapita ku Ulaya kukaonjeza maphunziro, m'mitima mwao amaona mzinda waukuru wonga London, wa nyumba zosanjikana ndi magalimoto osawerengeka. Koma ena mwa masukulu akale ndi omveka ali m'timizinda tating'ono tozizira, kutali ndi phokoso, kumene munthu woyenda pansi angathe kudutsa mzinda wonse m'theka la ora. Nkhani ino ndi ya mphunzitsi wina wa ku Katete amene anakhala caka cathunthu m'kamzinda kotere, ndi zimene anaphunzira kumeneko zosalembedwa pa satifiketi yace.

Mphunzitsiyu anali ndi digiri yoyamba yocokera ku yunivesite ya ku Lusaka, ija inatsegulidwa m'caka ca 1966. Ataphunzitsa zaka zingapo pa sukulu ya sekondale, anapeza mwai wa thandizo la ndalama kuti akatenge digiri yaciwiri, m'maphunziro a miyambo ndi makhalidwe a mitundu ya anthu. Thandizolo linali la munthu mmodzi ndi la caka cimodzi cokha. Cotero mkazi wace ndi kamwana kao kakakazi, kamene kanali kutangoyamba kuyenda, anayenera kutsala. Akalephera, mwai wina panalibe. Akanabwera cimanja-manja pamaso pa onse amene anamperekeza. Atsibweni ace pomlawira anangoti, "Mphwanga, walira mvula walira matope. Ukapirire."

Kamzinda kamene anapitako ndi St Andrews, ku m'mawa kwa dziko la Scotland, m'mphepete mwa nyanja ya mcere yochedwa North Sea. Anthu ace safika 20,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi ophunzira ndi aphunzitsi ao. Yunivesite ya pamenepo ndiyo yakale koposa onse m'Scotland, pakuti inalandira cilolezo cace kwa Papa m'caka ca 1413. Miseu yaikuru iripo itatu, North Street, Market Street ndi South Street, ndipo yonse imaloza ku mabwinja a chalichi cacikuru cimene cinasiyidwa pambuyo pa ulaliki wa John Knox wa m'caka ca 1559. Sitima ya pamtunda sifika m'kamzindaka, cifukwa njanje yace inatsekedwa m'caka ca 1969. Mlendo wocokera ku Edinburgh amaoloka ulalo waukuru wa Forth, natsikira pa Leuchars, nakwera basi mailosi ocepa otsalawo pakati pa minda.

Iye anafika m'mwezi wa September, ndipo masabata oyamba zonse zinali zokondweretsa maso. Anaona nyumba za miyala yotuwa zimene zaima zaka mazana-mazana. Anaona ophunzira a digiri yoyamba atabvala mikanjo yofiira, alikuyenda pa khoma la padoko pa Sondo ataturuka m'chalichi. Pa khomo la St Salvator's anamuonetsa malemba awiri, P ndi H, oyalidwa ndi miyala pansi, pa malo pamene Patrick Hamilton anatenthedwa cifukwa ca cikhulupiriro cace m'caka ca 1528. Anamuuza kuti wophunzira akapondapo amalephera mayeso. Iye anaseka, nalembera mkazi wace kuti ngakhale Azungu ophunzira ali ndi zoletsa zao. Cipinda anacipeza mobvutikira, pakuti m'kamzinda kakang'ono ka ophunzira ambiri malo ogona ndi osowa ndi okwera mtengo. Cinali capamwamba, ca zenera limodzi loyang'ana pa madenga a anthu ena.

Za kuzizira anali atacenjezedwa kale, ndipo anayesa kuti alikukudziwa, popeza ku Katete nakonso June ndi July amaluma. Koma cisanu ca kwao ndi ca m'mamawa. Dzuwa likakwera, nkhalamba zimaturuka kukaothera pa khonde, tsiku nilikoma. Kuzizira kwa St Andrews kulibe nthawi yopuma. Cipale cofewa sicigwa kawiri-kawiri cifukwa ca nyanja, koma mphepo yonyowa yocokera pa madzi imalowa m'malaya ndi kukhala m'mafupa usana ndi usiku. Komabe bvuto limeneli linali ndi mankhwala ogulika. Anapeza jasi lolemera m'sitolo ya zobvala zakale, naphunzira kubvala zobvala zitatu zopyapyala m'malo mwa cimodzi cocindikala, nagula cipewa ca ubweya ndi nsapato zosalowa madzi. Pofika October thupi linayamba kuzolowera.

Cimene sanacikonzekere ndi mdima. Kwao usana ndi usiku zimatsala pang'ono kulingana caka conse, ndipo kuyambira ali mwana dzuwa ndilo linali kumdzutsa ndi kumuweruka. Ku Scotland, pa Sondo lotsiriza la October, anthu onse amabweza mawochi ao m'mbuyo ndi ora limodzi, ndipo mwadzidzidzi madzulo amatha. Pofika pakati pa December dzuwa limaturuka nthawi itayandikira 9 koloko, niliyenda munsi-munsi ngati lodwala, nililowa 4 koloko isanakwane. Usana wonse ndi maora 7, ndipo masiku ambiri mitambo imauphimba. Munthu wozolowera kunena kuti "ndidzadzuka kukaca" amapezeka ali m'bulangeti anzace atayamba kale nchito, ndipo ukagwa mdima thupi limamuuza kuti tsiku latha pamene wochi ikuti akali masana.

Cinanso cinali cakuti maphunziro a digiri yaciwiri alibe belu. Mabelu m'nsanja za machalichi analimo, koma sanali kuitana iye. Moyo wace wonse, monga mwana wa sukulu yogonera komweko ndiponso monga mphunzitsi, belu ndilo linali kugawa tsiku: la kudzuka, la kudya, la kulowa m'kalasi, la kuwerenga madzulo. Tsono apa anali kukomana ndi aphunzitsi maora ocepa okha pa sabata, ophunzira ngati khumi atazungulira tebulo ndi kukambirana. Nthawi yonse yotsala inali yace. Anapatsidwa mndandanda wa mabuku wautali ngati mkono, ndipo panalibe woyang'anira ngati alikuwerenga kapena iai. Kwa mwana wa sukulu ufulu wotere umamveka ngati chuthi, koma ndi katundu wolemera kwa amene sanaphunzire kudziweta yekha.

Cacitatu cinali zitseko. Kwao munthu safuna kuitanidwa kuti akaceze. Amangoima pa bwalo nanena odi, ndipo mpando umaturuka. Ukasowa masiku awiri, wina amabwera kudzafunsa ngati wadzuka bwino. Kumene kuli mphepo yotere zitseko zimakhala zotseka, ndipo anthu amayesa ulemu kusabvutitsa mnzao amene sanawaitane. M'nyumba imene anali kukhala munali ophunzira ena atatu, a ku China, ku Greece ndi ku America. Onse anali aulemu, koma ali yense ankaphika kace, nanyamula mbale kunka nayo ku cipinda cace. Iye anadikira kuti wina agogoda, ndipo iwonso, monga anadzadziwa pambuyo pace, anali kudikira cimodzi-modzi.

Zinthu zitatuzi zinamgwera pamodzi kumapeto kwa November. Anayamba kugona usana ndi kukhala maso usiku, alikuyang'ana tsamba limodzi kwa ora lathunthu. Nkhani yoyamba imene analemba inabwera ndi mamalikisi ongokwanira kuphasa, ndipo pansi pace mphunzitsi analemba kuti zonse zimene mabuku amanena zalembedwa bwino, koma maganizo a mwini nkhani sakuoneka. Munthu amene kwao anali woyamba m'kalasi liri lonse anacita manyazi akuru. Podutsa pa malemba aja a P ndi H anadzipeza alikulambalala, osasekanso. Usiku wina anaimba telefoni kunyumba, kumene nthawi iri patsogolo ndi maora awiri m'miyezi imeneyo, nati mwina nkwabwino angobwerako. Mkazi wace anayamba wakhala cete, mvula ya madzinja irikumveka pa malata. Kenaka anati, "Amuna anga, cimanga tabzala, mwana ali bwino, amai ali bwino. Kuno kulibe cimene cikukuitanani. Kodi aphunzitsi anuwo munapita kukawafunsa, kapena mwangokhala m'nyumba ngati namfedwa?"

Sanapiteko, cifukwa kwao mwana wa sukulu sagogoda pa ofesi ya mkuru popanda kuitanidwa. Koma safunsa anadya phula. M'mawa mwace anakwera makwerero opapatiza, nagogoda. Mphunzitsiyo anali mai wacikulire amene anafuna kuti ophunzira azimchula dzina lace loyamba, cinthu cimene lilime la munthu wa ku Katete linakana kucita caka conse. "Mai," anatero, "ndabwera kuti mundiuze cimene ndikulakwa." Maiyo anamfunsa za cikamwini, cimene mabuku ena pa mndandanda uja anali kufotokoza. Iye anayankha kuti wolemba wina sanamvetse bwino mphamvu ya atsibweni pa ana a mlongo wao, nafotokoza zimene anaona ndi maso pa maliro a ambuye ace. Maiyo anati, "Nanga zimenezi simunazilembe cifukwa ninji? Mabuku ndinawawerenga kale. Cimene ndiribe ndi ici mwandiuzaci, ndi umboni wace." Pamenepo anazindikira kuti pa msinkhu uwu wophunzira amaloledwa kutsutsana ndi buku, malinga akhale ndi zifukwa zogwira mtima. Maiyo anamuuzanso kuti kulemera kwa mtima m'miyezi ya mdima kumagwira ngakhale eni dziko, ndi kuti aziturukako panja masana ali onse pamene kuwala kulipo.

Tsono anadzipangira belu lace. Analemba pa pepala nthawi ya cinthu ciri conse, monga ankacitira ndi makalasi ace, nalikhoma pa citseko. Ankadzuka 6 koloko mdima uli bii, nawerenga kufikira 12 koloko. Kenaka, kaya kuli mvula kaya mphepo, ankatsikira ku doko kuseri kwa mabwinja aja, kumene timabwato tocepa timaturukira kukachera miono ya nkhanu. Masana ankakhala m'nyumba ya mabuku pakati pa anthu, ngakhale osalankhula nao. Apa ndi pamene kucepa kwa kamzinda kunamthandiza. M'mzinda waukuru nkhope imene waiona lero sudzaionanso, koma m'miseu itatu anthu ndi omwe-omwewo. Nkhalamba ina yokonza miono inayamba kumgwedezera mutu, kenaka kumuuza kuti lero kwazizira. Poyamba anadabwa kuti munthu wamkuru anganene cinthu coonekeratu cotere, mpaka anazindikira kuti kudandaula za nyengo ndiwo moni wa kumeneko, ndipo woyankha bwino wayamba cibwenzi.

Ufa wa cimanga m'masitolo apafupi sanaupeze, koma anamva kuti ku Dundee, ulendo wa theka la ora pa basi kuoloka mtsinje wa Tay, kuli masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa ndi ku Asia. Anabwera nao, naphika nsima ndi nkhuku ndi ndiwo zamasamba zotendera, nagogoda pa zitseko zitatu zija. Onse anaturuka msanga ngati anthu omasulidwa m'ndende. Kuyambira pamenepo Lacisanu liri lonse mmodzi ankaphikira onse, ndipo ali yense anali ndi anthu atatu odziwa ngati sanaoneke. M'nyumba ya mabuku namonso anapeza kwao. Ladislav Holy, amene anayang'anira nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone kuyambira 1968 mpaka 1972, anadzaphunzitsa ku St Andrews kuyambira 1979, ndipo m'caka ca 1986 anaturutsa buku lonena za Atoka a kum'mwera kwa Zambia ndi kusintha kwa mwambo wao wotsata mtundu wa kucikazi. Mphunzitsi wa ku Katete analiwerenga ndi pensulo m'manja, alikufanizira ndi za Acewa, ndipo mutu wa nkhani yace yaikuru unabadwira pamenepo.

Kuyambira February kuwala kunayamba kubwerera, ndipo pofika June usana unapitirira maora 17, dzuwa lirikulowa 10 koloko usiku. Ophunzira a mikanjo yofiira anapita kwao, kamzinda kanadzaza alendo obwera kudzamenya mpira wa gofu pa bwalo lochuka la Old Course, ndipo a digiri yaciwiri anatsala kulemba nkhani zao za mau ngati 15,000 zoperekedwa mu August. Dzuwa limene linamnyenga pomuuza kuti tsiku latha tsopano linali kumnyenga pomuuza kuti nthawi ikalipo yambiri. Ena anazengereza nadzalira kumapeto. Iye anangotsata pepala lace la pa citseko, masamba awiri pa tsiku, ndipo pang'ono-pang'ono unakhala mtolo. Anapereka nchito yace nthawi isanakwane, naphasa bwino, nabwerera kukapeza kamwana kaja kalikulankhula.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mulikulota za maiko akutali, jasi musade nalo nkhawa, mudzaligula mukafika. Koma yesani kuyambira tsopano, pamene belu la sukulu laleka kukuitanani, kudzuka pa nthawi imene mwadziikira nokha ndi kuwerenga popanda wokuopsani ndi mayeso. Zolowerani kufunsa akuru cimene simunamve, mwaulemu koma mosaopa. Ndipo mukadzafika kumene kulibe wonena odi pa khomo panu, tengani mbale ya nsima mukanene odi pa khomo la mnzanu.