Za Malo Ocitirapo Masewero

Pa Krisimasi wapitayu ife a mudzi wina wa pakati pa Dedza ndi Bembeke tinacita manyazi, ndipo tifuna kuwasimbira abale athu owerenga, kuti kapena angatolepo nzeru. Ana athu anaphunzira sewero la Kubadwa masabata asanu. Ife akulu tinati, Ticite monga acita m'mizinda. Tinasanja mabenci kutsogolo kwa chalichi, ndi kuyalapo matabwa, ndi kupacika mabulangete awiri pa cingwe kuti akhale nsaru yochinga. Koma sewero litangoyamba mvula inagunda pa malata, ndipo mau a ana anamira. Agogo ena, amene anatsika phiri ndi ndodo kudzaona mdzukulu wao, anapeza malo kumbuyo, naona nkhongo za anthu zokha. Poturuka anatifunsa, Kodi mwanayo ananena ciani? Tinasowa cowayankha.

Ciyambire tsikulo tiri kulingalira za malo ocitirapo masewero, pakuti ali a mitundu ingapo, ndipo mtundu uli wonse uli ndi ubwino wace ndi cilema cace.

Woyamba ndiwo nsanja ya mbali imodzi, imene tinaiyesa ife. Oonera akhala onse kumaso kwace, monga anthu osuzumira pa zenera. Ubwino wace ngwakuti osewera abisala kuseri kwa nsaru, nasintha zobvala osaoneka, ndipo mvula siwanyowetsa. Koma nsanja yotere iyenera nyumba yomangidwira nchitoyo, m'mene mipando ya kumbuyo iri yokwera. M'chalichi mwathu pansi mpolingana, tsono wofika mocedwa ndi wamfupi msinkhu ndiwo amanidwa.

Waciwiri ndiwo bwalo la makolo athu. Pa ngoma ya Angoni, pa cimtali, ndi pa gule wa Acewa, anthu azinga mbali zonse. Palibe wokhala kutali, sipafunika thabwa kapena ndalama, ndipo oonera athandiza ndi kuomba m'manja ndi kubvomereza nyimbo. Ngakhale ophunzira a ku Chancellor College, popita ndi masewero ao ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, anasewera pabwalo pakati pa eni mudzi. Koma wobvina akoma mbali zonse, pamene wolankhula ali ndi pakamwa pamodzi. Akapenya kum'mawa, a kumadzulo samva kanthu. Ndiponso mngelo alibe pobisala kufikira nthawi yace.

Wacitatu uli pakati pa iwiriyi. Nsanja ituruka kulowa pakati pa anthu, iwo naizinga mbali zitatu, ndi khoma kumbuyo kwa osewera. Yotere inali nyumba ya Globe, yomangidwa ku London mu 1599, m'mene munacitika masewero a Shakespeare. Khoma libisa osewera ndi kubweza mau, ndipo anthu ambiri akhala pafupi. Bvuto lace ndilo lakuti ana ayenera kuphunzitsidwa kutembenuka kawirikawiri, ndi kusaimirirana kutsogolo.

Wacinai ndiwo wa pa mtsetse wa phiri. Ahelene akale anasema mipando m'phiri, mizere mizere yokwera, ndipo osewera anaima m'munsi. Bwalo la ku Ephesus, mudzi umene Buku liucha Efeso, m'mene khamu linathamangiramo pa phokoso lija la osula siliva, linali lotere, ndipo munalowa anthu oposa 20,000. Wokhala pamwamba aona pamwamba pa mitu ya anzace, ndi mau amfikira bwino. Cilema cace nthambo, pakuti palibe denga.

Titafika apa tinasekana tokha. Ife okhala m'dziko la mapiri okhaokha, amene tilima mbatata ya kacewere pa mitsetse, tinakabwereka nzeru ya m'mizinda ndi kusiya mtsetse wa kuseri kwa chalichi cathu uli cabe! Inde, mu Disembala mvula siicenjeza, ndipo mu Juni cisanu ndi nkhungu za kuno sizilola nkhalamba kukhala kunja nthawi yaitali. Palibe malo angwiro. Koma taphunzira kuti funso loyamba siliri lakuti, Kodi nsanja ikongola? Funso ndi ili, Kodi wokhala kumbuyo adzamva?

Cifukwa cace tapangana motere. Caka cino ana adzasewera m'mawa, mitambo isanasonkhane, m'munsi mwa mtsetse uja, ndipo anyamata adzakumba mizere yokhalapo monga acita pocinjiriza nthaka. Mvula ikalawira tidzalowa m'chalichi, koma mabenci tidzawaika mbali zitatu, ndi ana pakati. Ndipo benci loyamba tidzasungira okalamba ndi obvutika kumva.

Abale a midzi yina amene anayesapo njira zina atilembere, pakuti mutu umodzi susenza denga. Agogo aja tawauza kale, ndipo ati adzabwera, mwendo ukalola.