Yesani ndi foni ya mabatani



Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo madrassah athu adatseka nawo. Patangotha mwezi umodzi Ramadhan idalowa, nyengo imene ana amawerenga Qur'an kwambiri kuposa miyezi ina yonse. Pa wailesi mawu adali awiri: gwirani ntchito kunyumba, phunzirani pa intaneti. Malangizowa adali abwino kwa wa muofesi ku Capital Hill. Koma kuno ku Ntcheu, mlimi wa kachewere ku Tsangano angakumbe bwanji pa kompyuta? Mayi wogulitsa kabichi pa Lizulu akakhala kunyumba, ana ake afutulu chiyani? N'chifukwa chake boma litalengeza zoti anthu abindikire masiku 21, ochita malonda m'misika adakana, ndipo pa 17 Epulo Khothi Lalikulu lidaimitsa ganizolo.

Ine ndine mphunzitsi wa madrassah, si katswiri wa makompyuta. Komabe miyezi imeneyo idandisiyira maganizo amodzi amene sindidzawasintha: chilichonse chimene chapangidwa kuti chithandize anthu pa foni chiziyesedwa ndi munthu wosauka kwambiri pagulupo. Chikagwira kwa iyeyo, ndiye kuti chagwira kwa onse.

Anzathu a m'tauni ankaphunzitsa pa Zoom. Koma Zoom imafuna zinthu zinayi nthawi imodzi: foni yamakono, bandulo yokwanira, netiweki yosadukaduka, ndi batire lodzaza. Chimodzi chikasowa, phunziro latha. M'dziko limene pa nthawiyo nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi ndiyo idali ndi magetsi, zinayizi sizikumana kawirikawiri. M'kalasi mwanga mabanja ambiri adali ndi kafoni ka mabatani kamodzi, nakonso kamapita ndi bambo kumsika.

Tidayamba ndi zimene zidalipo. Ndinkajambula mawu anga ndikuwerenga surah pang'onopang'ono, ayah iliyonse katatu. Amene adali ndi WhatsApp ndinkawatumizira usiku, netiweki ikapepuka. Kwa enawo, mnyamata wa pamalo otchajira mafoni ankawaikira mawuwo pa memori khadi, ndipo banja lina linkagawira linzake pa Bluetooth popanda kulipira tambala. Mwana akaloweza, mayi ake ankaflasha, ine n'kuimba, mwanayo n'kundiwerengera. Netiweki ikasowa masiku awiri, phunziro linali likadali m'foni. Magetsi akazima, ka mabatani kamasunga moto masiku angapo.

Nzeru imeneyi siidayambe ndi ife. Taonani Airtel Money ndi TNM Mpamba. Munthu amangoimba *211# kapena *444#, basi ndalama zayenda, popanda intaneti. N'chifukwa chake agogo a ku Kasinje amatha kulandira thandizo kuchokera kwa mdzukulu wawo ali ku Lilongwe. Taonaninso Chipatala cha pa Foni, chimene chidayambira kwa anansi athu ku Balaka mu 2011: munthu amaimba 54747 n'kulankhula ndi wazaumoyo m'chinenero chake. Amene adakonza zimenezi adayamba adzifunsa kuti m'manja mwa anthu muli chiyani. Sadayambe ndi kufunsa kuti chatsopano kunja n'chiyani.

Koma ndinene mosabisa kuti pali zina zimene foni singathe. Qur'an imaphunziridwa pakamwa ndi pakamwa. Kuti mwana asiyanitse zilembo zotulukira kukhosi ndi zotulukira pa lilime, ayenera kuona pakamwa pa mphunzitsi, ndipo mphunzitsi aone pake. Pa foni ndinkamva kuti china chake chapotoka, koma osaona pamene lilime lagunda. Chachiwiri n'chachikulu kuposa apa. Kalasi si malo ophunzirira okha. Ndi malo amene munthu wamkulu amazindikira kuti uje sadabwere lero. Sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Sepitembala ndi Okotobala 2020, dziko lonse lidamva za atsikana ochuluka amene adatenga mimba kapena kulowa m'banja m'miyezi yotsekayo. Ifenso pamkeka pathu padali malo amene adakhala opanda munthu. Panalibe uthenga wa pa foni umene ukadalowa m'malo mwa kugogoda pakhomo n'kufunsa kuti, "Mayi, mwana uja ali kuti?"

Tsono kwa inu makolo, pempho langa ndi ili. Kafoni kamene muli nako musakapeputse. M'mwezi uno, pakati pa Asr ndi nthawi yofutulu, mpatseni mwana mphindi khumi amvere kuwerenga kwabwino, kenako akuwerengereni inuyo. Ngakhale simudziwa malamulo a tajweed, kukhala kwanu pambali pake ndi theka la phunziro.

Kwa inu achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta ku MUST, ku MUBAS kapena ku University of Malawi, mawa ndinu mudzakonze njira zolembetsera ana sukulu, zolipirira, zoitanira dokotala. Mukadzamaliza kukonza, musadzayesere pa foni yanu muli pa Wi-Fi ya pasukulu. Mudzapite nacho kumudzi, mudzawapatse azakhali anu pa foni yawo, batire litatsala pang'ono, mayunitsi mulibe. Mudzafunse: netiweki ikaduka pakati, zimene alemba zitayika? Akhoza kumva m'Chichewa kapena m'Chiyao m'malo mowerenga Chingerezi? Adzafunika kugula bandulo kuti apeze chinthu chimene ndi ufulu wawo? Kusala kumatiphunzitsa kumva njala ya amene alibe. Luso lanu nalonso likhale ndi chikumbumtima chomwecho, pakuti ntchito imene mwapatsidwa ndi amaanah, ndipo mudzafunsidwa za amene mudawasiya panja.

Allah alandire kusala kwathu, awachitire chifundo amene adatisiya m'nthawi ya mliri, ndipo awapatse ana athu maphunziro opindulitsa. Aameen.